Tsiku Limene Chishala Anataya Dzina

Kwathu ku Luwingu kunali mnyamata. Dzina lake anali Chishala. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Chishala ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna dzina lina.

M'Chibemba, chishala ndi dzala. Ndi kumene timataya zinyalala. Pasukulu panali a Kelvin atatu. Panali a Brian awiri. Koma Chishala analipo yekha.

Tsiku lina Kangwa, mnzake wa m'kalasi, anadya nthochi. Khoko analiponya pa mapazi a Chishala.

"Iwe, ukutani?" anafunsa Chishala.

"Ndikutaya kudzala," anatero Kangwa. "Ndalakwa ngati?"

Ana onse anaseka. Chishala sanaseke. Anatenga pensulo. Anakhwatcha dzina pa kope lake. Analembapo kuti Kelvin.

Masana anafika kunyumba. Mayi ake ankasenda chinangwa pakhonde.

"Chishala, tadzandithandiza."

Chishala sanayankhe.

"Chishala! Makutu wasiya kusukulu?"

"Ba Mayo, ine si Chishala. Ine ndine Kelvin. Dzina la kudzala lija ndalitaya."

Mayi anaika mpeni pansi. Bambo a Chishala anali pansi pa mtengo wa mango. Ankasema mpini wa nkhwangwa. Nawonso anamva.

Kwathu munthu akabereka, timamuitana ndi dzina la mwana wake. Bambowo anali Bashi Chishala, bambo a Chishala. Mayiwo anali Bana Chishala, mayi a Chishala.

Posakhalitsa kunabwera Ba Nkweto, a nyumba yoyandikana nayo.

"Odi kuno! Bashi Chishala, mwaswera bwanji?"

Bambo sanadzutse mutu.

"Bashi Chishala! Aa, ukalamba wayamba kale kutseka makutu?"

"Pepani, achimwene," anatero bambo. "Pano Chishala palibe. Ndiye sindikudziwa kuti ndine bambo a ndani."

Ba Nkweto anayang'ana bambo. Anayang'ana mwana. Kenako anabwerera kwawo mwakachetechete.

Chishala mtima unamuwawa. Anapita pansi pa mango paja.

"Ba Tata, bwanji munandipatsa dzina loipa?"

Bambo anasiya mpini. Anamugwira dzanja. Anapita naye kuseri kwa nyumba. Anaima pafupi ndi dzala.

"Iwe si woyamba kubadwa," anatero bambo.

Chishala anadabwa. Izi sankazidziwa.

"Woyamba anali Mwango. Anali ndi tsitsi lambiri. Ankaseka akamva tambala. Anthu ankandiitana Bashi Mwango. Anandiitana choncho miyezi inayi. Kenako malungo anamutenga."

Bambo anapitiriza.

"Wachiwiri anali Kaluba. Ndinali Bashi Kaluba masabata awiri. Masabata awiri okha, mwanawe. Nayenso anapita."

"Ndiye anthu ankakuitanani bwanji?"

"Ankasowa chonena. Ankangoti, 'Inu.' Ine ndinali 'Inu.' Amayi ako anali 'Inu.' Zaka zitatu."

Bambo anapukuta m'maso ndi dzanja. Chishala anali asanaonepo bambo ake akulira.

"Kenako unabadwa iwe. Tinakondwa, koma tinkaopa. Akuluakulu anati imfa imasankha zokongola. Anati imfa sitola za kudzala. Ndiye tinakutcha Chishala. Tinkafuna imfa ikulambalale."

"Inandilambalala?"

"Suli pano kodi? Ukudya ngati anthu awiri!"

Chishala anayang'ana dzala lija. Panali makoko. Panali phulusa. Panali mphika wosweka.

"Ndiye simunanditaye, Ba Tata?"

"Sitinakutaye. Tinakubisa."

Chishala anafinya dzanja la bambo ake.

"Nanga bwanji kusukulu ndilipo ndekha?"

"Kale a Chishala analipo ambiri. Mudzi uliwonse unali ndi wake. Masiku ano chipatala chili pafupi. Ana akukula. Dzinali likutha. Ndi bwino kuti lithe. Koma lako usalitaye ine ndili moyo. Bashi Chishala ndi dzina lokhalo limene lakhalitsa pa ine."

Chishala anathamangira m'nyumba. Anatenga kope lake. Anakhwatcha Kelvin. Analembanso kuti Chishala. Analemba zilembo zikuluzikulu, kuti Kangwa adzaone bwino.

Kenako anathamangira kwa Ba Nkweto.

"Ba Nkweto, bwerani mudzaitanenso!"

"Ndiitane ndani? Ajatu sakumva."

"Amva. Bwerani!"

Ba Nkweto anabwera. Anaima pabwalo. Anatsokomola kaye.

"Bashi Chishala!"

"Mukwai!" anavomera bambo. Anavomera mokweza mpaka nkhuku zinabalalika.

"Bana Chishala!"

"Mukwai!" anavomera mayi.

"Nanga mwini dzina ali kuti?"

"Ndili pano!" anakuwa Chishala.

Mayi anaseka, misozi ili m'masaya. Anamupatsa mpeni waung'ono.

"Ngati ulipo, khala pansi. Chinangwachi sichidzisenda chokha."

Anakhala pakhonde onse atatu. Mayi ankasenda. Bambo ankasenda. Chishala ankasenda. Atamaliza, Chishala anawola makoko. Anakawataya yekha kudzala.

Anaima pamenepo pang'ono. Anatchula chapansipansi.

"Mwango. Kaluba."

Kunali zii. Kenako mayi anaitana kuchokera pakhonde.

"Chishala!"

Ndipo Chishala anayankha.