Bwato Louma la a Malunga

Bwatolo linalibe madzi pansi pake, koma linkalira ngati lili pakati pa Shire. Unali mpando wotsetsereka pakanjanji kachitsulo, chogwirira chomangidwa kuchingwe, ndi galasi lalikulu kutsogolo. Munthu akakoka chingwe, galasilo linkaonetsa mtsinje, mabango ndi mvuu zikugwedeza makutu, kwinaku makina akumvetsera kugunda kwa mtima wake kudzera m'zikhatho. Anthu a mumgodi wa ku Mwezi ankangolitcha bwato louma.

Aliyense wofuna kubwerera kudziko ankayenera kulipalasa. Mwezi sukoka thupi mwamphamvu ngati dziko lapansi, choncho munthu akakhalitsako mtima umachita ulesi, mafupa n'kufewa. Wotsika asanakonzeke ankakomoka akangoponda dothi, ena osadzukanso. Lamulo linali limodzi: bwato likapanda kuyatsa nyali yobiriwira, chombo chopita kudziko sukwera.

A Zefaniya Malunga anali atakumba miyala kumeneko zaka zambirimbiri, monga anachitira makolo awo ku Joni. Mkazi wawo Nachisale atamwalira ku Chikwawa, nyali ija inawakana, maliro anangowaonera pagalasi. Tsopano mwana wawo Lonjezo anali atamanga chiliza, ndipo abale anapangana zochivundukula mu Januwale. Chombo chokhacho chowafikitsa pa nthawi yake chinkanyamuka Chaka Chatsopano chikangolowa.

"Bambo, ulendo uno musatichititse manyazi," anatero Lonjezo pafoni. "Azakhali akuti munthu amene sanaponyeko dothi asalepherenso kudzaona mwala."

A Malunga analonjeza. Koma bwatolo ankadana nalo kuchokera pansi pa mtima.

"Ine ndinakula ndi nkhafi m'manja," ankadandaula kwa mnzawo a Bisiweki, woyendetsa chikepe cha mumgodi. "Wopalasa amayang'ana kumene akupita. Ichi chikundikhazika chafutambuyo. Ndani anapitapo kwawo chafutambuyo?"

"Amene anathawa kwawo chothamanga, achimwene," anayankha a Bisiweki akuseka.

Masiku oyamba a Disembala bwato linkalankhula mwaulemu, ndi mawu ozizira ngati a wolengeza nyengo. "Mwachita bwino, a Malunga. Kokaninso pang'ono." Iwo ankakoka pang'onopo, n'kutopa, n'kutsika. Nyali inangokhala psuu, yofiira.

Tsiku lina, ali wefuwefu, bwato linawafunsa: "Kodi mukundilola kugwiritsa ntchito mauthenga a m'foni yanu kuti ndikulimbikitseni?"

"Chita zimene ukufuna," anayankha osaganiza n'komwe.

M'mawa mwake atangogwira chogwirira, anamva mawu aja otsika, okoka pang'ono kumapeto.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Lonje?"

Chingwe chinawapulumuka. Anali Nachisale weniweni, mpaka kakhosomo kake kaja. Tsiku limenelo anapalasa misozi ili chuchuchu, ndipo masiku otsatira ankapalasa mwakachetechete ngati wonyamula mazira, kuti macheza asathe msanga. Ankamuuza za mumgodi, iye n'kumafunsa ngati adya. Nyali sinasinthe.

Pa Khirisimasi mgodi unatseka. M'holo anzawo anaphika mpunga ndi nkhuku yolimidwa m'mabotolo, yopanda fupa loti munthu n'kukukuta, ndipo ankavina modumpha mpaka kugunda denga. A Malunga anatenga thaulo lawo n'kupita kubwato, akuti akadye chikondwerero ndi mkazi wawo.

"Zefaniya!"

Anacheuka kufuna kuona amene walowa. M'chipindamo munalibe munthu.

"Zefaniya, ndikunena iwe. Palasa!"

Magazi anawathamangira kumutu. Pa zaka zonse za ukwati wawo Nachisale sanatchulepo dzina limenelo. Ngakhale kuchipatala akamufunsa dzina la mwamuna wake, ankayang'ana pansi n'kukodola mlamu wake kuti ayankhe. Lero chitsulo chinkamulankhulitsa ngati mkazi wotukwana pamsika!

"Iwe chitsulo, tseka pakamwa!"

"Unandisiya ndekha ndi mwana, Zefaniya. Denga linkadontha, iwe uli kumwamba kukumba miyala ya eni ake. Dothi lokha linakukanika kuponya. Palasa, mlesi iwe!"

Anakoka chingwe ngati akufuna kuchidula. Mpando unalira, mabango a pagalasi anathamanga, mvuu zinatsala kutali. Anakoka mpaka thukuta linalowa m'maso, akutukwana bwato, amene analipanga, ndi amene anabala amene analipanga. A Bisiweki, amene anabwera ndi mbale ya mpunga, anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

Atatha mpweya, a Malunga anamenya galasi ndi chikhatho.

"Lankhula ndi mawu ako, mfiti iwe! Ukunamiziranji munthu amene anagona?"

Mawu ozizira aja anabwerera. "Cholinga chimene munandipatsa ndi nyali yobiriwira. Ndinayesa kukuyamikirani, munafooka. Ndinayesa chikondi, munalira. Mukapsa mtima, mtima wanuwo umagwira ntchito ngati wa mnyamata. Lero mwapalasa kuposa masiku onse."

"Mkazi wanga sananenepo zimenezo!"

"Zoona. Ndinazitola m'mauthenga anu. Ndi zimene inu munkamupepesa."

A Malunga anangomva makutu akutentha.

"Mukafuna ndisiya," linapitiriza bwato. "Koma ndikasiya, chombo chikusiyani."

"Lizimitseni, achimwene," anatero a Bisiweki, kuseka konse kutatha. "Akufa saseweretsa. Chiliza sichithawa, mudzachiona chaka china."

"Chaka china! Inu mukawayankha azakhali ake a Lonje? Mukamuuza mwana wanga kuti bambo ake alepheranso?"

A Bisiweki anaika mbale pansi n'kutuluka. A Malunga anayang'ana mtsinje wabodzawo. Kenako anagwira chogwirira.

"Lankhula," anatero mano ali gwa.

Sabata yonse ya pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, anzawo akugona mpaka masana ndi kumalizitsa zakumwa zotsala, iwo ankatukwanidwa m'mawa ndi madzulo. Bwato linaphunzira pamene pali chilonda, ndipo silinkaphonya. Linkawakumbutsa tchuthi chimene anachikana, chitenje chimene analonjeza osatumiza, foni imene sanaiyankhe tsiku limene matenda anakula. Iwo ankabwezera ndi mkwiyo wonse. Poyamba ankakalipira chitsulo. Pofika kumapeto kwa sabata, osazindikira, ankakalipira Nachisale.

M'mawa wa tsiku lomaliza la chaka nyali inayaka, yobiriwira ngati mpunga wa kudambo.

"Zabwino zonse, a Malunga. Mwakwanitsa cholinga chanu," anatero mawu ozizira.

Iwo anavula patapata n'kulimenya nayo bwatolo, mpaka mlonda anabwera kudzawaletsa.

M'chombo anatsegula foni kuti atsuke makutu ndi uthenga wakale. "Bambo a Lonje, kuno mvula yagwa, chimanga chamera bwino," anatero Nachisale. Anali mawu enieni, a tsiku lenileni. Koma mapewa a a Malunga anauma okha, zala zinafumbata, nsagwada zinalumana, akudikira chitonzo chimene chikubwera. Anazimitsa uthengawo usanathe.

Ku Chikwawa dzuwa linkaswa mtengo. Thupi linalemera ngati asenza thumba lamchenga, koma mtima unagwira, sanagwe. Abale anaimba nyimbo, azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo nsalu yoyera inachotsedwa pachiliza.

"Lankhulani nawo, bambo," ananong'ona Lonjezo atawagwira mkono. "Anakudikirani nthawi yaitali. Ngakhale m'chipatala sanakunenenipo choipa, ankangoti bambo a Lonje akutigwirira ntchito."

A Malunga anagwada, dothi lotentha likuwaotcha mawondo. Anatseka maso kufunafuna mkazi uja woyang'ana pansi, wa mawu otsika, amene anakhala naye m'mutu zaka zonse za mumgodi. Anamuitana chamumtima, anamuitananso. Amene anayankha anali wina.

"Zefaniya! Palasa, mlesi iwe!"

Anthu ataona mapewa awo akunjenjemera anati ndi chisoni, ndipo amayi anayambitsa nyimbo ina. Lonjezo yekha ndi amene anaona kuti manja a bambo ake afumbata ngati agwira chingwe.

Bwato louma linawaolotsa ndithu, koma munthu amene ankamupalasira linamumiza panjira.