Dzina la Wamoyo pa Chipilala

Amene sakhulupirira asakhulupirire, ine sindikakamiza munthu. Koma amene anandiuza nkhaniyi ndi mayi Sylvia a ku Wenya, ndipo mayi amenewo bodza salidziwa. Timothy, amene masiku amenewo ankakhala pa nsanja yoonera moto, anafotokozanso chimodzimodzi.

M'munsi mwa mapiri a Mafinga munali munda wa paini, ndipo kapitawo wa ozimitsa moto kumeneko anali Harrison Silumbu. Utsi wa zaka zambiri unamusiyira chifuwa chosatha, moti akanena mawu atatu ankayamba watsokomola. Gulu lake linali ndi lamulo limodzi losaseweretsa. Munthu akaikidwa pamzere wa moto sachoka yekha. Amachoka wina akamulowa m'malo, apo ayi kapitawo alize wezulo n'kumuitana dzina. Woitanidwayo amati, "Ndilipo," kapitawo n'kunena kuti, "Weruka." Popanda mawu amenewo, olo nsidze zipse, umaima pomwepo n'kumamenya moto ndi ndodo yako ya mphira kunsonga.

Mu Okutobala wa 1978 mphepo inatembenuka mwadzidzidzi, moto n'kutsekereza amuna atatu pamzere wa kumtunda. Anafa onse. Awiri anali Amos ndi Rodwell. Wachitatu m'buku la ntchito anali Safeli, koma mudzi wonse unkadziwa kuti wafayo ndi Yakobo, mng'ono wake wa Safeli, mwamuna wa Sylvia.

Zinayenda chonchi. Yakobo anali wapakamwa. Tsiku lina anakangana ndi anyamata ogulitsa makhadi a chipani pamsika, dzina lake n'kudziwika koipa, ntchito iliyonse n'kumutsekekera. Ndiye anatenga khadi la mkulu wake, ndipo Harrison, pomva chisoni, anamulemba ntchito ngati Safeli. Masiku amenewo kanthu kotere kankakwanira kuti galimoto ikutenge osabwerako. Choncho maliro atachitika aliyense anatseka pakamwa, Safeli weniweni n'kumangokhala kudimba kwake ngati kulibe.

Tsiku la moto lija Harrison anawerutsa amoyo okhaokha. Akufa amawaitana ndani?

Chaka chitazungulira, Timothy anatsika pa nsanja masana, milomo itauma.

"A kapitawo, kumtunda kukumveka anthu akumenya moto."

"Utsi wauona?"

"Utsi kulibe. Koma ndodo zikumveka zitatu."

Harrison anamuseka, koma mawa lake anakwera yekha. Dzuwa linali paliwombo. Nyenje zimene zinkasokosa m'mitengo zinangoti zii nthawi imodzi. Kenako fungo la mphira wopsa. Kenako phwa, phwa, phwa, ndodo zitatu zikulandizana monga ankawaphunzitsira iye mwini. Pamzerepo panalibe munthu. Udzu sunkagwedezeka n'komwe. Harrison anatsika, ndipo sanauze ngakhale mkazi wake.

Anthu a midzi yozungulira anali ataumba kale njerwa zomangira chipilala chokumbukira atatuwo, chifukwa akanapanda iwo moto uja ukanalowa m'nkhokwe zawo. Mmisiri anakopera mayina m'buku la ntchito: Amos, Rodwell, Safeli. Anthuwo anagwirizana kuti pa tsiku lotsegulira, kapitawo awaitane mmodzimmodzi n'kuwawerutsa, apume.

Kutatsala tsiku limodzi, Sylvia anafika pakhomo pa Harrison atatsogoza mlamu wake Safeli. Munthu uja anali atatha, maso atalowa m'kati.

"Monire adada," anatero Sylvia, n'kugwada. "Alamu, aonetseni manja."

Safeli anatambasula zikhatho. Zinali matuza okhaokha, ena ophulika.

"Khasu sindinagwire mwezi wathunthu," anatero motsitsa mawu. "Likafika dzuwa pamutu, manja amatentha. Ndimamva ngati pali amene akundidikira."

"Adada," anatero Sylvia, "pachipilala mwalemba munthu wamoyo. Zolembazo zisiyeni, koma mawa poitana, itanani Yakobo. Mwamuna wanga watopa."

"Amama, mawa kubwera mlendo wa ku boma ndi anyamata ake. Ndikatchula Yakobo andifunsa kuti Yakobo ndani. Ine nditengedwa, alamu anuwa atengedwa. Ana anga asanu adya chiyani?"

"Nong'onezani basi. Iye amva."

Harrison analonjeza. Kunena zoona, analonjeza ndi mtima wonse.

Tsikulo anthu anadzaza. Amayi anaimba, abusa anapemphera, mlendo wa ku boma analankhula za kudzipereka mpaka anthu anayamba kusinza. Pamene ankamaliza, dzuwa linali litafika paliwombo. Harrison anaima pafupi ndi chipilala, wezulo m'manja. Mlendo uja anadzaima pambali pake penipeni, phewa ndi phewa, atagwira pepala la mayina.

Nyenje zinasiya.

Phwa, phwa, phwa, kuchokera kumtunda. Amayi anayang'anana. Mlendo anafunsa ngati kuli ena akugwira ntchito lero.

Harrison analiza wezulo. "Amos!" Anadikira pang'ono. "Weruka."

Ndodo zinatsala ziwiri.

"Rodwell! Weruka."

Inatsala imodzi. Phwa. Phwa. Yolema, yochedwa.

Harrison anatsokomola. Anaona Sylvia akumuyang'ana. Anaona chala cha mlendo chili pa dzina lachitatu. Anaona anyamata aja atatsamira galimoto. Kunong'ona kunali kosatheka, munthu ali pakhutu pako. Mantha ndi oipa, abale. Anatsegula pakamwa kuti anene dzina limodzi, n'kutuluka lina.

"Safeli!"

"Ndilipo."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwa gulu. Anthu anapatuka. Safeli anali ataima chilili, manja ali m'mbali ngati wantchito pamzere, maso ali gwa pa kapitawo.

"Ameneyo ndani?" anafunsa mlendo.

Harrison anati, "Ndi m'bale wake, bwana. Chisoni chamusokoneza."

"Malizani, tizipita."

Ndodo ija inkamvekabe. Sylvia anapukusa mutu, misozi ili mbwembwembwe. Harrison anayang'ana pansi.

"Weruka," anatero.

Safeli anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Anakhala pansi, n'kutsamira mtengo. Pamene amayi ankamufikira ndi madzi, anali atapita kale.

Kumtunda, phwa. Phwa.

Mlendo anati ndi dzuwa, anakwera galimoto n'kumapita. Anthu ananyamula maliro. Harrison yekha anatsala pachipilala, akuwerenga dzina lachitatu lija, limene tsopano linali loona. Kenako anayamba kukwera phiri. Sylvia anamutsatira chapatali, ndipo Timothy ankawaona onse awiri ali pa nsanja.

Pamzere paja fungo la mphira linali lotsamwitsa. Harrison analiza wezulo.

"Yakobo!"

Ndodo inasiya.

Kunalibe mphepo. Kunalibe mbalame.

"Ndilipo."

Sylvia akuti mawuwo anali a mwamuna wake, osasa, ngati a munthu amene sanamwe madzi chaka chathunthu. Sanachokere kutsogolo. Anachokera pambali pa Harrison, pafupi.

"Weruka, mwana wanga. Ndakulakwira. Weruka."

"A kapitawo, dzina limene munandilemba mwawerutsa nalo wina."

Mawu aja anapitiriza.

"Ndiye andilowa m'malo ndani?"

Sylvia anaona Harrison akuvula wezulo m'khosi, n'kuyiika pamwala. Anaona akutambasula manja onse awiri ngati akulandira chinthu. Apo mayiyo anathawa, ndipo akuti mpaka lero amadzimvera chisoni kuti sanatsanzike mwamuna wake.

Timothy akuti anangophethira kamodzi, pamzere n'kukhala popanda munthu.

Amuna anasaka masiku anayi, mpaka kumalire a Zambia. Anapeza wezulo yokha. Ana a Harrison anakula opanda bambo, ndipo ku boma kunamveka zoti anathawira kunja.

Dzina lake silinalembedwe pachipilala, chifukwa palibe anaona mtembo. Wezulo ija anaisunga Timothy, koma palibe kapitawo wina amene analimba mtima kukaitana dzina pamzere umenewo, poopa funso limene angafunsidwe.

Paini anatha kalekale, anthu anadula. Koma amayi otola nkhuni kumeneko amati Okutobala akafika, dzuwa lili paliwombo, nyenje zimasiya. Ndodo imamveka imodzi. Imamenya katatu n'kuima, munthu n'kutsokomola, kenako imayambiranso.