Wokwera Ngolo ya Bwana Lemoine

Pavadai anachoka mochedwa kuphwando la Afalansa kunja kwa tauni, akukoka ngolo yopanda munthu. Bwana Lemoine anali ataledzera n'kugona komweko, ndiye wantchito abweze ngolo kunyumba. Ngolo za ku Pondicherry, m'dziko la India, zinali zachipongwe: mzungu kutsogolo atagwira chiwongolero, Mtamili, mwini dziko ngati Pavadai, kumbuyo akukankha, osafunsa kopita. Mtamili akapezeka pampandopo ankakwapulidwa, wokankhayo ntchito n'kuthera pomwepo. Ndipo Pavadai anali ndi ana anayi.

Atafika pamlatho wa ngalande yolekanitsa dera la azungu ndi la eni dziko, ngolo inalemera. Anacheuka... Pampando panali bambo wina wowonda, mapazi ali mang'a okhaokha!

Pavadai anamuchonderera kuti atsike apolisi asanawaone. Munthuyo anangogwira chiwongolero.

"Pita kumbuyo, mng'ono wanga. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuona chipewa cha mzungu basi. Lero ndione msewu."

Mawuwo anamulasa Pavadai, poti nayenso tauni yakwawo ankaidziwa posuzumira paphewa la bwana. Mantha anali nawo, koma mkwiyo unaposa. Anapita kumbuyo n'kukankha.

Analowa m'misewu ya azungu. Kunazizira. Agalu onse zii. Pansi pa nyali, chithunzithunzi cha ngolo chinagwa pakhoma, cha Pavadai chomwecho... cha wokwera ayi! Wapolisi analiza wezulo pakona. Pavadai analuma mano, osaima. Chikoti chidikire mawa, usiku uno wokwera wake anali ameneyu.

Anadutsa m'mbali mwa nyanja, n'kudzera pakhomo penipeni pa bwanamkubwa, pang'onopang'ono ngati eni ake. Ngolo inakaima yokha pachipata chachikulu cha Lemoine, chimene antchito sankayerekeza kulowerapo. Mlonda wokalamba, Arokiam, atatsegula, pampando panalibe munthu.

Pavadai anafotokoza zonse. Mlondayo sanadabwe. Anati ameneyo ndi Irusappan, amene ankakankha ngolo yomweyo Pavadai asanalembedwe ntchito. Anagwa n'kufera pamlatho paja zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, bwana ali pampando. Bwanayo anangomudumpha n'kupitiriza wapansi, akudandaula fumbi.

"Chaka chilichonse amapempha kuti amukankhe, mwana wanga," anatero mlondayo akukankha zitseko zonse ziwiri. "Anzako onse ankataya ngolo n'kuthawa. Wamufikitsa ndi iwe wekha. Lowera pomwe pano."