Kamphepo Afunafuna Buku la Bambo

Uyu ndi mng'ono wanga. Timamutchula Kamphepo. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sakhala pansi. Akakhala, miyendo imavina yokha.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna buku la Chingerezi. Ankalifuna tsiku lomwelo, folo koloko isanakwane.

Dikirani ndikuuzeni bwinobwino. Ine ndine mkulu wake. Kunyumba amanditchula Wailesi. Akuti ndimalankhula kwambiri. Si zoona. Ndimangonena zimene ndaona.

Tinali kudziko lakutali. Tinaperekeza Bambo kuchipatala cha maso. Adokotala anawachita opaleshoni. Kenako anawamanga maso onse awiri ndi nsalu yoyera.

"Mugone phee masiku atatu," anatero adokotala m'Chingerezi. "Mukamagwedeza mutu, maso sapola."

Koma Bambo ndi Kamphepo wamkulu. Ntchito yawo ndi yokonza njinga. Manja awo sadziwa kupuma. Ankatembenukira uku. Ankatembenukira uko. Ankakanda nsalu ija.

"Bambo a Wailesi, tagonani," anatero Amayi.

"Ndinagona kale dzulo," anayankha Bambo.

Chowagoneka chinali chimodzi. Kamphepo akamawawerengera buku, ankagona phee. Tsiku loyamba anawawerengera nkhani ya kagalu kosochera. Bambo sanagwedezeke.

Tsiku lachiwiri bukulo linasowa. Wina analiiwala m'basi. Dzina sinditchula. Chabwino, ndine. Ndinkayang'ana chipewa cha mayi wina. Chinali chachikulu ngati beseni.

Ana ankaloledwa kulowa m'chipatala folo koloko basi. Kamphepo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali wani koloko.

"Amayi, tikafune buku lina," anatero.

"La chinenero chathu kuno kulibe, mwanawe."

"La Chingerezi lilipo. Ndikalipeza."

Amayi anaganiza pang'ono. Kenako anati, "Musapitirire msewu uwu. Mugwirane manja. Iwe Wailesi, maso akhale pa mwana, osati pa zipewa."

Tinalowa sitolo yoyamba. Munali manyuzi ambiri. Munali mabuku ochepa. Kamphepo anatsegula limodzi. Anayesa kuwerenga. Palibe liwu limene analidziwa.

"Si Chingerezi, achemwali," anatero.

Tinalowa sitolo yachiwiri. Munali makope ndi mapensulo. Munalinso mphaka wonenepa. Anagona pamwamba pa mabuku. Kamphepo anamukankha pang'ono. Anatsegula buku.

"Si Chingerezi, achemwali."

Wotchi inati thu koloko.

Tinalowa sitolo yachitatu. Imeneyi inali yaikulu. Mabuku anafika mpaka kudenga. Kamphepo anathamangira uku. Anathamangira uko. Kenako anaima nji.

"Achemwali, kagalu kathu kaja."

Zoonadi. Kagalu komweko. Makutu omwewo. Kamchira kopindika komweko. Bukulo linali m'pulasitiki yomata. Kamphepo anafuna kulitsegula. Mayi wogulitsa anagwedeza chala. Anali pafoni. Ankaseka motsitsa mawu, uku akupotokola tsitsi. Ine chinenerocho sindichidziwa. Koma kasekedwe kameneko ndimakadziwa. Si mchimwene wake amene ankalankhula nayeyo.

Tinagula bukulo. Tinatuluka tikudumphadumpha. Kamphepo anang'amba pulasitiki ndi mano. Anatsegula tsamba loyamba. Anatsegula lachiwiri. Anatsegula lachitatu.

Kagalu kanali komweko. Koma mawu anali ena.

"Si Chingerezi, achemwali," anatero motsitsa.

Tinabwerera m'sitolo muja. Mayi uja analoza pulasitiki yong'ambika. Anapukusa mutu. Anabwerera pafoni pake.

Wotchi inati fili koloko.

Kamphepo anakhala pansi pamalo odikirira basi. Miyendo yake sinavine. Apa ndiye ndinachita mantha.

"Tingowauza nkhaniyo pakamwa," ndinatero. "Zithunzi zilipo."

"Akuidziwa kale. Aziti ndadumpha. Adzuka kuti andikonze."

Ndinakhala naye pansi pomwepo.

Pambali pathu panakhala mlendo wina. Anali mayi wa chikwama chachikulu cha kumsana. Nsapato zake zinali fumbi lokhalokha. Ankawerenga buku lakale.

Kamphepo anapendeketsa mutu. Anayang'ana chikuto cha bukulo. Milomo yake inayamba kuyenda. Anawerenga liwu limodzi. Anawerenga lina. Anawerenga mzere wonse.

"Achemwali, ndikumva. Ichi ndiye Chingerezi."

Ine ndinachita manyazi. Kamphepo ayi. Anapereka moni m'Chingerezi cha kusukulu. Anafunsa kumene mayiyo anapeza bukulo.

Mlendoyo anamwetulira. Analoza kasitolo kakang'ono kumapeto kwa msewu. Anati apaulendo amasiya mabuku awo kumeneko. Anati bokosi lake lili pansi pa tebulo. Mabukuwo sagulitsa. Umasiya limodzi, n'kutenga limodzi.

Tinathamanga.

Kasitoloko sikanali ka mabuku. N'chifukwa chake sitinakaganizire n'komwe. Munali maketulo akale. Munali maambulera. Munali nsapato zopanda anzake. Mwini wake anali bambo wachikulire. Magalasi ena anali pamphuno. Ena anali pamutu. Ndikuganiza kuti a pamutuwo anawaiwala chaka chatha.

Kamphepo anakwawira pansi pa tebulo. Anakoka bokosi. Ulendo uno sanakhulupirire chikuto. Ankayamba watsegula.

Anatsegula loyamba. Si Chingerezi.

Anatsegula lachiwiri. Si Chingerezi.

Anatsegula lachitatu. Chingerezi, koma zilembo zake ngati nyerere. Mawu ake ataliatali ngati sitima.

Anatsegula lachinayi. Si Chingerezi.

Pansi penipeni panali buku lopyapyala. Chikuto chake chinali ndi madontho a mafuta. Kamphepo anatsegula. Zilembo zinali zazikulu. Zithunzi zinali zambiri. Anayamba kuseka.

"Achemwali, ndi la kakonzedwe ka njinga."

"Mulibe nkhani mmenemo," ndinatero. "Tafuna lina."

"Ndi lomweli. Bambo ndimawadziwa."

Mwini sitolo anatambasula dzanja. Anaimika chala chimodzi. Kusiya limodzi, kutenga limodzi.

Kamphepo anayang'ana buku la kagalu. Linali latsopano. Linkanunkhira bwino. Mawu ake sankawamva, koma kagaluko ankakakonda. Anakasisita makutu ndi chala. Kenako anapereka ndi manja awiri.

Bambo uja anawerenga chikuto. Iye ndiye ankachimva chinenerocho. Analoza chithunzi cha kamwana pakhoma. Anaika bukulo m'thumba la jekete. M'bokosi silinalowe.

Wotchi inati folo koloko.

Tinathamanga. Tinadutsa sitolo yaikulu. Mayi uja anali akadali pafoni. Tinadutsa mphaka wonenepa. Tinadutsa manyuzi. Tinakwera masitepe a chipatala awiriawiri.

Tinapeza Bambo atadzutsa mutu. Mwendo umodzi unali pansi. Unkafufuza nsapato. Amayi anali atawagwira phewa.

"Ndikungopita pakhomopo ndibwera," ankatero Bambo.

"Ndi maso ati?" anafunsa Amayi.

Kamphepo anakoka mpando. Anali akupuma mwawefuwefu.

"Bambo, gonani. Ndabwera ndi buku."

"La kagalu? Ndikudziwa kale kuti kanapezeka."

"Ayi. La njinga."

Bambo anasiya kufufuza nsapato. Mwendo unabwerera pabedi. Mutu unabwerera papilo.

Kamphepo anayamba kuwerenga. Ankawerenga pang'onopang'ono. Chala chinkayenda pansi pa mawu. Bukulo linati tcheni chikamalira, muchithire mafuta.

"Bodza," anatero Bambo. "Umayamba watsuka."

"Pakamwa pokha," anatero Amayi. "Mutu ayi."

"Mutu uli phee. Pitiriza, mwanangu. Ndimve wolembayu wanamanso chiyani."

Kamphepo anapitiriza. Bukulo linanena za matayala. Bambo anati bodza. Linanena za mabuleki. Bambo anati bodza. Linanena za kumata chubu. Bambo anati, "Apo wayesako."

Koma sanatembenuke. Sanakande nsalu. Sanafufuze nsapato. Anagona phee mpaka belu lotulutsa alendo linalira.

Tsiku lachitatu zinali chimodzimodzi. Kamphepo ankawerenga. Bambo ankatsutsa. Mutu unali phee. Ngakhale anesi ankaima pakhomo n'kumaseka. Mmodzi wa iwo anali atavala mphete yatsopano, koma imeneyo ndi nkhani ina.

M'mawa wotsatira adokotala anamasula nsalu ija. Tonse tinagwirana manja. Bambo anaphethira. Anaphethiranso.

Anayang'ana Amayi. Anayang'ana ine. Anayang'ana Kamphepo nthawi yaitali.

"Ndikukuonani nonse," anatero. "Maso apola."

Amayi anapukuta misozi. Kamphepo anakwera pabedi. Miyendo yake inayambanso kuvina.

Bambo anatambasula dzanja.

"Tsopano tandipatse bukulo," anatero. "Ndione nkhope ya mnzanga wabodzayu."