Nyanja Itafika ku Fonte Boa

Amene anayamba kuziona ndi mayi ake. Linali Lachisanu madzulo, dzuwa litangolowa kuseri kwa mitengo ya bulugamu ya ku Fonte Boa, ndipo Ilda anali atavula bulauzi kuti adzole mankhwala paphewa lomwe linkamuwawa chifikireni m'mawa. Mayi Serafina anayandikiza nyali. Kuyambira paphewa kutsikira pamimba, khungu la mwana wawo linali ndi mawanga akuda okhotakhota, ngati mizere imene madzi amasiya pamchenga mvula ikakata.

"Wakugwira ndani?" anafunsa monong'ona.

"Palibe, amayi. Ndi chovala cholowera m'madzi chija, chimathina."

"Chovala chimalemba chonchi?"

Ilda anaseka, navalanso bulauzi yake. Sanali munthu wochita mantha ndi mawanga. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, mphunzitsi wa biolojiya ku sekundariya ya ku Ulongwe, mayi amene ankagwira njoka kumchira ana asukulu akuthawira pawindo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anakhala akujambula nsomba za m'nyanja yamchere ndi choko pabolodi, nyanjayo asanaionepo, ndipo zimenezi zinkamuchititsa manyazi. Choncho tchuthi cha mu Ogasiti chitafika anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nakwera basi ya ku Vilankulo kukaphunzira kulowa pansi pa nyanja atabereka botolo la mpweya.

Wowaphunzitsa anali Romano, bambo wa kugombe komweko, wouma thupi ndi wosachulukitsa mawu. Tsiku loyamba m'boti anamukhazika Ilda pamphepete, atafulatira nyanja, namuuza kuti adzigwetse chambuyo. Ilda anadzigwetsa osafunsa kawiri. Madzi anamutseka, phokoso lonse la dziko linazima, ndipo chimene chinatsala ndi kupuma kwake yekha, kukoka mpweya kuti fwiii, kenako thovu kukwera likubwata m'mbali mwa makutu. Makutu atayamba kuwawa anatsina mphuno n'kupemerera monga anaphunzitsidwira, ululu unatha, natsikabe. Pansi anapeza kamba wamkulu ngati beseni lochapira akudya udzu wam'madzi, osalabadira za pulofesora wa ku Ulongwe. Ilda anasangalala mpaka misozi inalowa m'magalasi.

Lamulo la Romano linali limodzi, ndipo ankalibwereza m'mawa uliwonse. "Kutsika aliyense amatha. Kukwera ndiye ntchito. Muzikwera pang'onopang'ono, kumbuyo kwa thovu lanu. Mukatsala pang'ono kutuluka muziima mphindi zitatu. Mpweya umene mwapuma pansi umalowa m'magazi, ndipo mukathamanga umachita thovu ngati chakumwa chotsekulidwa mwaphuma."

Ilda ankalidziwa lamulolo bwino kuposa anzake onse, moti akanatha kulilemba pabolodi. Koma Lachinayi m'mawa, ali pansi ulendo wake womaliza, anamva nyimbo.

Inachokera kumene madzi ankadera, kutali, ndipo sanaimve ndi makutu okha, anaimva m'chifuwa ndi m'mafupa. Linali liwu lalikulu la mwamuna, lotsika pang'onopang'ono, kenako kukwera katatu ngati munthu akutonthoza mwana. Mutu wake unamuuza kuti ndi anangumi, chifukwa inali nyengo yawo. Koma mtima unakana. Liwulo ankalidziwa. Linali ngati la bambo ake, a Custódio, amene anamwalira chaka chapitacho mwezi womwewo.

Anasiya anzake n'kulitsatira. Mchenga unatsetsereka, madzi anazizira, kuwala kunachepa, nyimbo ili patsogolobe. Pamene anayang'ana kawotchi ka mpweya anapeza muvi wafika pofiira. Apo nzeru zonse za pabolodi zinathawa. Anapalasa miyendo ndi mphamvu zake zonse, napitirira thovu lake, napitiriranso poima paja, n'kutulukira pamwamba ngati chigubu.

M'boti Romano anamupumitsa okosijeni, nkhope itachita mdima. "Mugone kuno lero, ndikuoneni mawa."

"Ndili bwinobwino, a Romano. Lamulungu kuli misa ya bambo, yokumbukira kuti patha chaka. Mchimwene wanga akundidikira."

"Pa ndege ayi. Musakwere ndege, musakwere phiri."

"Ndege yanji? Ndi kamyau ya kachewere. Ndikupita kwathu basi."

Romano anagwedeza mutu. Iye ku Angónia anali asanafikeko, ndipo Ilda, amene anabadwira kumeneko, sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti kwawo ndi pamwamba. Munthu wa ku Fonte Boa ukamufunsa za phiri amakulozera la Domwe, mapazi ake ali pansi pamene iye amati ndi pansi. Valter, mchimwene wake wamng'ono amene ankamuitana kuti mana, ndiye kuti achemwali, yemwe anabweretsa matumba a kachewere kugombe, anayendetsa kamyauyo, galimoto yake ya katundu, usana ndi usiku, ndipo Lachisanu m'mawa anali atafika.

Usiku wa Lachisanulo ululu unachoka paphewa n'kulowa m'chigongono ndi m'bondo, wakuya, wosasamala kuti wagonera mbali iti. Mphepo ya mwera inkakwapula malata, agalu anauwa n'kusiya, kenako m'khutu lakumanzere munayamba kulira. Poyamba kunali kuti fwiii, ngati mpweya wa m'botolo muja. Pambuyo pake, pansi pa phokosolo, anamva liwu lija likutsika, n'kukwera katatu. Ilda anadzuka n'kukhala pabedi. Anadziuza kuti ndi madzi otsalira m'khutu, naweramitsa mutu n'kugwedeza. Simunatuluke kanthu.

Loweruka nkhani inali itafika kale pachitsime. Mayi Celina, oyandikana nawo nyumba, amene sanaonepo madzi oposa a m'dambo koma ankadziwa zonse za pansi pa nyanja, anati kumeneko kuli midzi, ndipo wolowako amabwerako atalembedwa chizindikiro. Ena anati pulofesora wakwatiwa kumeneko. Ena anati wabwera ndi chinthu m'thumba. Ilda atamva anaseka mpaka kugwira pamimba, koma pofuna kuimirira pampando, phazi lakumanja linachita dzanzi ngati waligonera.

Madzulo ake anamva mayi ake ndi Valter akunong'onezana pakhonde.

"Dzulo amaimba kutulo," anatero mayi Serafina.

"Mana Ilda saimba, amayi. Ngakhale kutchalitchi amangoyendetsa milomo."

"Ndiye ndikuti amaimba. Ndipo mawu ake sanali ake."

Ilda anakoka bulangete mpaka m'khosi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Vilankulo anachita mantha enieni. Dzanzi linali litafika pabondo.

Lamulungu anapita ku misa atatsamira mchimwene wake. Atatuluka, mayi Serafina anali atakonza kale zonse. Kuseri kwa mudzi kuli phiri lokhala ndi mtanda wachitsulo pamwamba, kumene amayi a mpingo amapita ndi odwala ovuta kukawapempherera. Anati chinthu cha m'madzi sichingapirire pamalo okwera chotero, chidzamusiya n'kubwerera kwawo.

"Amayi, ine ndikufuna chipatala mawa."

"Mawa upita. Lero uyambe wakumana ndi Mulungu. Kodi chipatala chimadziwa nyimbo?"

Ilda analolera, chifukwa anali atatopa, ndiponso chifukwa nkhope ya mayi ake inali itakalamba m'masiku awiri. Anamukweza pangolo ya ng'ombe mpaka pamene njira inathera, kenako Valter anamubereka. Amayi asanu ankatsatira akuyendetsa kolona, mawu awo akuduka ndi mphepo. Dzuwa linali litapendeka, udzu wouma ukulira mbali zonse. Akukwera, mwendo wakumanzere nawo unayamba kuzizira, ndipo liwu lija linakula mpaka linaphimba mapemphero.

Atadutsa theka la phirilo, Ilda anameza malovu, ndipo makutu ake anatseguka kuti phu.

Anauma thupi pamsana pa mchimwene wake. Kutseguka kumeneko ankakudziwa. Ndi mmene makutu ankachitira m'madzi akamakwera kupita pamwamba. Anakumbukira kuti anachitanso chimodzimodzi m'kamyau Lachisanu mbandakucha, atadutsa Moatize, galimoto ikulira pa zitunda za ku Musakama, iye akutafuna chingamu n'kumaseka ndi Valter. Kuyambira Lachinayi lija, pamene anapalasa miyendo kuthawa pansi pa nyanja, sanaime mphindi zitatu zija pena paliponse. Anatuluka m'madzi, nakwera mtunda wonse wa Tete, nafika kwawo pamwamba pa dziko, ndipo tsopano anthu omukonda ankamukwezabe.

"Valter, ima."

"Tatsala pang'ono, mana."

"Ndati ima! Nditsitse. Ndipatse foni."

Mawu ake anali aja a m'kalasi, ndipo ngakhale amayi a kolona anasiya pakati pa Tikuoneni Mariya. Pamwamba apo netiweki inali yabwino, ubwino umodzi wokha wa phirilo. Romano anayankha msanga.

"A Romano, kwathu kuno ndi mamita oposa chikwi chimodzi ndi mazana atatu kuchokera panyanja. Ndaiwala kukuuzani. Miyendo ikufa."

Romano anafunsa, "Muli pati panopa?"

"Paphiri."

Mawu amene Romano ananena poyamba sitingawalembe pano. Atatha anati, "Tsikani. Tsikani pompano, mpaka mumzinda wa Tete, ndipo musaime. Mukafika auzeni kuti munalowa m'nyanja ndi botolo, akupatseni okosijeni. Ine ndiimbira adotolo odziwa za matendawa."

Mayi Serafina anagwira mkono wa mwana wawo. "Ukufuna kutsikira komwe chikukuitanira?"

"Inde, amayi. Si chiwanda, ndi mpweya uli m'magazi mwanga. Ndikakwera ukufufuma, ndikatsika uphwa. Mukandifikitsa pamtanda paja, mudzanditsitsa wosayendanso."

Mayi Celina anayamba kunena kuti izi ndiye zimene chinthucho chimafuna, koma mayi Serafina anawayang'ana kamodzi kokha, iwo n'kutseka pakamwa. Anayang'ananso mtanda uli pamwamba, ndi miyendo ya mwana wawo ili lende. "Valter, bereka mlongo wako. Mulungu aliko ndi kumunsi komwe."

Ananyamuka chisisira chitagwa, atatu kutsogolo kwa kamyau yonunkha dothi la kachewere. Valter, amene nthawi zonse amadandaula za mabuleki, tsiku limenelo sanawatchule. Anadutsa Ulongwe, magetsi a kumsika akuyaka, nalowa mumdima. Ilda ankameza malovu n'kumawerenga kutseka kwa makutu ake ngati mmene ankachitira potsika m'madzi. Mphepo yozizira inatha, m'galimoto munayamba kutentha. Atayandikira Moatize anayesa kugwedeza zala za phazi lakumanzere, ndipo zinagwedezeka.

"Zikuyenda," anatero, nalira mosabisa.

Mayi Serafina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Sananene ngati akuthokoza kapena akuopa.

Zotsatira zake zinali zazitali: okosijeni usiku wonse, ulendo wina wopita kutali kumene kuli chipinda chachitsulo chobwezera munthu pansi pa nyanja popanda madzi, ndi miyezi iwiri yoyenda ndi ndodo. Miyendo inabwerera, kupatula zala ziwiri za phazi lakumanja zomwe mpaka lero sizimva kanthu. Adotolo anafotokoza zonse bwinobwino. Mawanga anali thovu pansi pa khungu, ululu unali thovu m'mfundo, kulira kwa khutu kunali thovu m'kati mwa khutu. Ilda anakhutira, ndipo anawonjeza yekha kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Tsiku lina masana, atabwerera ku Fonte Boa, ankasankha nyemba ndi mayi ake pakhonde, atawafotokozera kale za nyimbo imene anaitsatira pansi pa nyanja. Anawauza kuti chaka chamawa adzapitanso ku Vilankulo kukamaliza maphunziro aja, ndipo adzagona kugombe masiku atatu asanakwere kubwera kumudzi. Ankayembekeza mkangano. Mayi Serafina anangopitiriza kutaya timiyala.

"Nyimbo ija unaimva pansipo, taimba."

"Ndi anangumi, amayi. Amphongo amaimba nyengo imeneyi."

"Taimba."

Ilda anang'ung'udza, liwu lotsika pang'onopang'ono, kenako kukwera katatu. Manja a mayi ake anaima m'lichero.

"Ndi yomweyo umaimba kutulo. Bambo ako anaiimba usiku umodzi wokha, tikuthawa nkhondo kupita ku Dedza, iwe uli ndi miyezi isanu. Anakuika pachifuwa, n'kumaimba chapansipansi kuti usalire asilikali angatimve. Titawoloka malire sanaiimbenso, ndipo anandiletsa kuitchula."

Ilda anayang'ana mayi ake. "Bambo sanaonepo nyanja, amayi."

"Amoyo ndi amene amadikira minibasi ya chapa kuti akafike kunyanja." Mayi Serafina anapepeta nyemba, mankhusu n'kuuluka. "Pita chaka chamawacho. Ukamva akuimba usawatsatirenso, ukhale pomwe aphunzitsi ako akuuza. Ungowauza kuti misa yawo tinachita."