Mpiru wa M'majumbo

Mpiru wa Mayamiko unayamba kununkha nthawi isanakwane n'komwe teni koloko. Anali atauika m'majumbo oyera n'kumanga kukamwa, monga amachitira m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, ndipo dzuwa la pa msika wa Khombedza linangouphikira momwemo.

Mayamiko anali wophunzira zaulimi ku koleji. Anamutumiza kwa mwezi umodzi pa famu ya bambo Yesaya kuti akaphunzire ntchito, ndipo Loweruka lililonse ankamupatsa mpiru, repu ndi matimati zoti akagulitse kumsika. Katatu konse katundu anabwerera atawola. Bambo Yesaya anamuuza mosapsatira kuti akabwereranso, fomu yake ya ku koleji sasaina, ndipo popanda fomuyo chaka achibwereza. Ili linali Loweruka lomaliza.

Vuto la mtsikanayu linali kudzimva. Amayi a pamsika ankawaona ngati anthu otsalira: kuyala chiguduli pansi, kuunjika timilu ta matimati, kuwaza madzi ndi dzanja ngati akubatiza masamba. Iye anabwera ndi sikelo yake komanso katoni yolembapo mitengo. Wogula akapempha basera, kaja amaonjezerapo ogulitsa kuti munthu adzabwerenso, Mayamiko ankapinda mlomo n'kumuyankha m'Chingerezi kuti zimenezo n'zopha bizinesi. Anthu ankangomuyang'ana, iwo ulendo. Ndani angagule ndiwo kwa munthu wokuyankha ngati uli mu ofesi?

Pafupi naye pankakhala mayi Safia, a mpango wobiriwira, amene anakulira pamsikapo. Tsiku loyamba anamulangiza kuti masamba amafuna mpweya, awatulutse m'majumbomo. Mayamiko anangotsonya. Tsiku lomwelo anawaona akudinda chala m'buku la komiti ya msika, ndipo anaimbira foni mnzake Charity, dala mokweza mawu.

"Tangoganiza, munthu wosainira chala akufuna kundiphunzitsa ine malonda."

Mayi Safia anamva bwinobwino. Anangopitiriza kuwaza madzi, ndipo sanamulangizenso.

Tsopano dzuwa linali paliwombo. Mayi Safia anali atamaliza dengu loyamba, lachiwiri lili pakati. Mayamiko anamasula jumbo imodzi, ndipo mpweya wotentha wa zowola unamuwomba kumaso. Anachita mantha zedi. Anaganiza za mayi ake ku Dowa, amene anagulitsa mbuzi zonse chifukwa cha sukulu yomweyi. Anayang'ana sikelo yake yonyezimira ija, yomwe chiyambire m'mawa inali itangoyezapo ntchentche.

Anadzikoka n'kukanjuta pambali pa chiguduli cha mayi Safia.

"Mayi, ndithandizeni. Katundu wanga akutha."

"Ine wa chala?" anafunsa mayi Safia, maso ali pa matimati awo.

Mayamiko anaweramitsa mutu. Misozi inalengeza. Anapepesa ndi mawu otsika, ndipo mayiwo anamusiya kaye choncho mpaka atagulitsa milu ina iwiri. Kenako anadzuka, koma sanamugwirire ntchito ayi. Anangoima n'kumalamula. Anamung'ambitsa majumbo onse, kumusankhitsa zowola zikapite ku mbuzi, kumutuma madzi ku mjigo ndi kumunyowetsetsa chiguduli. Sikelo inalowa m'dengu. Mtsikana wa ku koleji uja anakhala pansi, siketi ili fumbi lokhalokha, akuunjika matimati anayi pansi, limodzi pamwamba.

Wogula woyamba anali agogo ena a njinga. Atapempha basera, Mayamiko anayang'ana mayi Safia, ndipo iwo anamutong'olera maso. Mtsikanayo anaonjezera matimati awiri, omwe anali atafewa kale. Agogowo anaseka n'kuitana anzawo. Pofika folo koloko matimati ndi repu zinali zitatha. Theka la mpiru ndiye linali litapita kale ku mbuzi.

Bambo Yesaya anafika pa njinga yamoto, nasuzumira m'madengu, napukusa mutu atamva za mpiruwo. Mayamiko anatulutsa fomu ija, koma iwo sanailandire. Anati iwo sanakhale naye pamsika, choncho ayambe kusaina mboni amene wamuona akugwira ntchito, ndipo analoza mayi Safia.

Amayi onse a mzere umenewo anasiya zochita kuti aonerere. Mayi Safia anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kuyambira pa siketi yafumbi mpaka m'zikhadabo zothimbirira ndi mpiru. Kenako anapukutira chala chachikulu pachitenje, anatuma munthu kukatenga inki ya komiti, nadinda pafomupo mwamphamvu. Apo bambo Yesaya nawonso anasaina.

Lolemba ku koleji, Charity anatsomphola fomuyo ali pamzere wokapereka, nayamba kuseka.

"Iwe, nanga chidindo ichi? Ndi mayi ako a chala aja?"

Mayamiko anailanda, naiwongola bwinobwino pomwe inapindika.

"Usaigwire ndi manja a mafuta," anatero. "Asaina ndi aphunzitsi anga."