Nyali ya pa Njinga ya Singano

Kufakitale yosoka mayunifomu ankamutchula kuti Singano, chifukwa anali wochepa thupi ndipo ankalowa paliponse mosachedwa. Tsiku limenelo anaweruka mdima utagwa kale. Ntchito inali itachuluka, abwana ananena kuti palibe wochoka makolala onse asanasokedwe. Anzake anathamangira basi yomaliza. Iye anamasula njinga yake pampanda, n'kukanikiza dainamo, kamakina koyatsa nyali, kuti igunde tayala lakutsogolo.

Nyali ya njingayo anamuikira ndi bambo wina wokonza njinga pakona, munthu wanthabwala. "Iyi si ya mabatire, mayi," anatero pomanga waya. "Imadya thukuta lanu. Mukapalasa iwala, mukaima nayonso yagona."

Kunyumba ankakhala atatu: iye, achemwali ake, ndi bambo awo okalamba. Bambowo mutu unali utayamba kusokonezeka. Ankaiwala kuti adya kale, ankafunsa za anthu amene anamwalira kalekale, ndipo chitseko chikangokhala chotsegula ankatuluka n'kumangopita. N'chifukwa chake achemwali ankakiya dzuwa likangolowa, kiyi n'kumukoleka m'khosi pachingwe.

Njira zobwerera zinali ziwiri. Ya kumsewu waukulu inali yozungulira, yodzaza ndi malole osasamala wapanjinga. Yachidule inkadutsa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, n'kutsetsereka m'tchire, n'kulambalala chidzenje chimene kale ankaphwanyamo miyala. Ntchitoyo itatha, m'dzenjemo munadzaza madzi akuda bii, osadziwika kuya kwake. Singano anadzera yachidule, monga mwa masiku onse.

Mwezi kunalibe. Njira inali yamiyala ndi maenje okumbidwa ndi mvula. Pamalo osalala nyali inkawala bwino, dainamo ikulira ngati njuchi. Pamiyala ankayenera kuchepetsa liwiro, ndipo kuwala kunkafiira, kumanjenjemera, n'kutsala kachigamba kakang'ono patsogolo pa tayala. Iye anali atazolowera. Ankayang'ana pansi, osati kutali.

Choyamba kuona zinali zidendene.

Munthu ankayenda patsogolo pake, pomwe kuwala kunkathera. Singano analiza belu. Munthuyo sanapatuke. Anapalasa mwamphamvu pang'ono, kuwala kunakwera m'miyendo mpaka kumsana. Jekete labulauni. Pachigongono chakumanja panali chigamba chakuda, chosokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu. Chigambacho anasoka ndi iye mwini. Mwendo wakumanzere unkakokedwa pansi monga mwa nthawi zonse.

Linali jekete la bambo ake.

"Bambo," anaitana. "Bambo, ndine. Imani."

Sanacheuke.

Singano anaganiza za achemwali. Mwina agona kiyi ali pachitseko. Foni yake inali itathima kuyambira masana. Panalibe womuitana, panalibe nyumba pafupi. Anaimirira pamapedulo n'kupalasa ndi mphamvu zonse. Njinga inkadumpha pamiyala, tcheni chikugunda, nyali ikuwala mbee. Koma jekete lija linali pomwepo, kumapeto kwa kuwala, osayandikira, osatalikira. Awa anali bambo amene kuchoka pabedi kufika pampando ankapumira panjira. Maganizo amenewo anamufikira ndithu, koma anawakankhira kumbali. Dzenje linali pafupi.

Pamtengo wouma njira inkakhotera kumanja, kulowera kunyumba. Jekete linakhotera kumanzere.

"Uko ayi, bambo. Uko kuli madzi."

Anawatsatira. Kanjirako kanali kopapatiza, kotsetsereka. Udzu unkakwapula masipoko, minga inkamukoka siketi. Anagwira mabuleki pang'ono, nyali n'kufiira. Atawasiya, njinga inathamanga yokha. Kenako tayala linagunda mwala, mahandulo anapotoka, iye n'kutera ndi mapazi onse awiri.

Nyali inazima.

Mdima wake unali wogwirika ndi manja. Nkhululu zimene zinkalira njira yonse zinali zitakhala chete. Ankamva fungo la madzi osayenda, lozizira, likuchokera pansi. Ankamvanso kupuma, kwapang'onopang'ono, kokhala ndi kaphokoso kam'chifuwa kamene ankakamva usiku uliwonse kudzera m'khoma la kuchipinda.

"Unika," anatero mawu a bambo ake, patsogolo penapake.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Bwerani kuno kuli mawu angaku."

"Unika, mwana wanga. Sindikuona popondapo."

Kupalasa sakanatha, sankadziwa chimene chinali kutsogolo. Ananyamula mahandulo ndi dzanja limodzi, tayala lakutsogolo n'kulendewera. Ndi dzanja linalo analizunguza. Dainamo inalira. Kuwala kofooka kwachikasu kunatuluka.

Nthaka inathera pomwepo. Phazi lina kutsogolo, akanagwera pansi. Kumunsi kunali madzi, osalala ngati galasi. Ndipo pamadzipo, kutali ndi gombe, panaima jekete labulauni, msana utaloza kwa iye. Nsapato zinali pamwamba pa madzi. Panalibe ngakhale kafunde.

Tayala linachepa liwiro. Mdima unabwerera.

"Unikanso."

Ulendo uno mawuwo anamvekera pafupi ndi khutu lake, ngati munthu waima paphewa. Singano sanafune, koma dzanja linapita lokha patayala. Chibadwire anali asanawakanirepo bambo ake chilichonse. Anazunguza.

Jekete linali litapita patsogolo. Mwendo wakumanzere unkakokedwabe. Ndipo kutsogolo kwake, pomwe kuwala kunkalephera kufika bwino, kunali ena. Anaima mondondozana, osagwedezeka, ataliatali ndi aafupi. Nkhope sizinkaoneka. Koma onse anayang'ana kuno, ngati anthu odikira mlendo pasiteshoni.

Singano anagwira tayala ndi chikhatho. Linamupsereza khungu, n'kuima.

"Ayi, bambo," ananong'ona. "Sindiunika."

Anapapasa dainamo n'kuichotsa patayala, kuti isawalenso ngakhale mwangozi. Anayamba kubwerera chafutambuyo, akukoka njinga, phazi lililonse likufufuza nthaka lisanaponde. Minga inamung'amba miyendo, osamva kuwawa. Kumbuyo kwake kunalibe mapazi omutsatira. Kunangomveka kutsokomola kamodzi, kutali, pakati pa madzi. Atagunda mtengo wouma ndi phewa m'pamene anadziwa kuti wafika panjira. Anakankha njinga mumdima mpaka anaona magetsi a nyumba zoyamba.

Chitseko chinali chokiya. Anagogoda mpaka achemwali anatsegula, kiyi atamuvula m'khosi, maso ali ofiira ndi tulo.

"Iwe, miyendoyo yatani? Wagwa?"

"Bambo ali kuti?"

"Akhala kuti? Agona chamadzulo, ngakhale tiyi sanamalize."

Singano anawadutsa n'kukankha chitseko cha kuchipinda. Bambo anali pabedi, atafunda mpaka m'khosi, kaphokoso kam'chifuwa kakumveka. Jekete linali pamsomali kuseri kwa chitseko. Analigwira. Linali louma. Anavundukula bulangeti kumapazi. Mapazi anali ouma, ofunda. Zenera linali ndi zitsulo zake zonse.

Anawafotokozera achemwali zonse ali kukhitchini, akutsuka mabala ndi madzi amchere. Achemwali anamvetsera, kenako anapukusa mutu.

"Makina akudya mutu, mng'ono wanga. Tsiku lonse maso pa singano, usiku uona chiyani? Kagone."

Sanagone. Anakhala pampando pakhomo la chipinda cha bambo mpaka kunja kunayera.

M'mawa achemwali analowa ndi kapu ya tiyi, Singano ali pambuyo. Anawapeza bambo atakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, atavala kale malaya, mabatani onse ali m'malo mwake. Maso awo anali owala, ngati a kale. Kwa miyezi yambiri ankamusokoneza Singano ndi malemu mayi ake, nthawi zina ndi namwino. Tsiku limenelo anamuyang'ana n'kumudziwa.

"Mwana wanga wotsiriza," anatero. "Nyali yako ija ndi yabwino. Koma iwe ulibe chipiriro."

Supuni ya achemwali inasiya kutakasa.

"Mukuti chiyani, bambo?"

"Ukanangounikabe pang'ono, ndikanawoloka."

Analandira tiyi ndi manja awiri n'kuyamba kumwa. Pofika masana anali atabwerera mwakale, akufunsa ngati adya.

Nkhaniyo inatuluka, monga zimachitira nkhani. Mayi woyandikana nawo nyumba ananong'oneza kuti munthu nthawi yake ikayandikira, mtima umatsogola kukayendera njira thupi lili pabedi. Wokonza njinga, nthabwala zitamuthera, anati dzenje lija limabwereka nkhope ya munthu amene sungamukanire, ndipo amene ankafunidwa usiku uja si mkuluyo ayi. Achemwali anangowonjezera loko wachiwiri pachitseko.

Singano tsopano amadzera kumsewu waukulu. Malole amamudutsa pafupi mpaka siketi kuuluka, ndipo amafika kunyumba mochedwa, fumbi lili m'mano. Bambo ake akadali moyo. Amaiwala tsiku, amaiwala mayina a ana awo, amaiwala kumene kuli bafa. Koma m'mawa uliwonse, akamva njinga ikutulutsidwa pakhomo, amadzutsa mutu n'kufunsa mwaulemu, ngati munthu wopempha kuperekezedwa:

"Lero pobwera udzera njira iti?"